Mzere Wofupika ndi Mamilimita Atatu

Mlandu unamupeza Vainess Chikopa Lachiwiri m'mawa, asanavule n'komwe jekete. Chipale chofewa cha mwezi wa Malichi chinali chitasanduka matope akuda m'misewu ya Toronto, ndipo nsapato zake zinali zikudonthabe madzi pamene anatsegula chitseko cha kaofesi kake n'kupeza mayi wachizungu atakhala pampando wake, mafomu ali mbwee patebulo.

"Ndine Cynthia Hallam," anatero mayiyo m'Chingerezi. "Ndachokera ku komiti yoyang'anira kafukufuku pachipatala pano. Zilembo izi, V.C., ndi zanu?"

Ntchito ya Vainess inali yosavuta kuifotokoza. Kampani ina ya ku Markham inkayesa mankhwala atsopano ochukucha m'kamwa pa anthu odwala khansa ya lilime ndi ya pakhosi, anthu amene makina otentha chotupa amawasiya ndi zilonda m'kamwa mpaka kumeza malovu kumakhala nkhondo. Ululu woterewu ulibe sikelo. Dokotala akhoza kuyeza chotupa, koma sangayeze mmene madzi akuwawira pakhosi pa munthu wina. Choncho sabata iliyonse wodwala ankapatsidwa fomu. Pansi pa funso lililonse panali mzere wotalika mamilimita 100, kumanzere kolembedwa kuti "palibe vuto", kumanja kuti "sindingapirire". Wodwala ankaika kamtanda pamene ululu wake wafika. Vainess ankayeza ndi lula, kulemba nambala pambali, kusaina, n'kumata fomuyo mu envelopu kuti ngakhale dokotala asaione. Lachitatu kunkabwera munthu wa kampani kudzatenga.

"Zikufanana ndi zanga," anayankha Vainess.

"Odwala khumi ndi mmodzi, mayi Chikopa. Onse atsika thupi, ena ndi makilogalamu asanu ndi atatu. Koma pamafomu awa, amene tawaitanitsa ku kampani, onse akumeza ngati ana a sukulu. Wina wake wawalembera. Mafomu osalembapo amakhala m'kabati iyo, ndipo kiyi muli naye ndinu nokha."

Zaka khumi Vainess anagwira unamwino ku Zomba popanda womuloza chala. Atafika ku Canada anamuuza kuti mapepala ake sakukwanira, ndipo anatha zaka zitatu akusambitsa nkhalamba za eni ake, akuwerenga mabuku m'sitima. Tsopano, m'chaka cha 1996, chiphaso cha unamwino chinali pakhomo. Chotsala chinali kalata imodzi yochokera ku chipatala chino yonena kuti ndi munthu wokhulupirika. Ndiye lero azitchedwa wachinyengo, iyeyo?

Anatola fomu ya wodwala nambala 7. Manambala onse ankawadziwa ngati mayina a ana ake. Pa funso la kumeza panali kamtanda kaudongo, pafupi ndi kumanzere, pambali pake 12.

"Bambo awa saika mtanda," anatero.

"Malangizo akuti mtanda."

"Za malangizo ndikuzidziwa. Ine ndikunena za munthu."

Dzanja lake linali litapita kale m'thumba. Munthu amene wayeza mizere mazana ambiri sangaone mzere osauika lula. Anaika lula yake yachitsulo, anayang'ana, anaichotsa, anaikanso. Anatola fomu ina, kenako ina.

"Mizere iyi ndi 97," anatero pang'onopang'ono. "Mafomu a m'kabati mwanga anachokera kosindikiza, ndipo mzere uliwonse ndi 100 ndendende. Awa ndi a fotokope."

"Ndiye kuti munachita fotokope," anatero Cynthia, osasintha nkhope. "Komiti ikumana Lachisanu 10 koloko. Kufikira tsikulo musabwere kuntchito. Kiyi, chonde."

Vainess anamuponya kiyiyo patebulo mwamphamvu kuposa mmene ankafunira. Koma m'chikwama chake munali fomu imodzi yosalembapo, imene ankaonetsera odwala atsopano kalembedwe kake. Potuluka anaima pamakina a fotokope a m'khonde, okhawo amene analipo m'nyumba yonse ya odwala khansa. Pepala linatuluka lofunda. Anaika lula.

Mzere unali 101. Makina a pachipatala amatalikitsa, pamene makina amene anabala mafomu abodza aja amafupikitsa.

*

"Ba Vainess! Iye, namvela nkhani, sorry maningi."

Webster Mvula ankamudikira pakhomo lalikulu, makapu awiri a khofi ali m'manja. Ndiye anali munthu wa kampani wa Lachitatu uja. Anali wa ku Lusaka, wamtali, wa tayi tsiku lililonse, mwamuna amene kutchalitchi ankapemphera motalika mpaka chakudya kuzizira. Amalawi ndi Azambia a ku Toronto ankasonkhana m'chipinda chimodzi Lamlungu masana, ndipo panalibe maliro kapena ukwati umene Webster sankayendetsa mwambo wake.

"Mwamva msanga," anatero Vainess.

"Bananiitana ku office. Manje mvelani, sisi, tikambe monga banthu ba nyumba imodzi. Aba bazungu bafuna chabe explanation. Mukabauze kuti ma patient benangu English inali kubavuta, monga ba Daka, then imwe munabathandizako kulemba. Ni small mistake. Bazakupatsani warning, yasila."

Vainess anamuyang'ana ndwii. Bambo Yotamu Daka, wodwala nambala 7 uja, anaphunzitsa Chingerezi ku Chipata zaka makumi atatu, ndipo theka la zakazo anali mphunzitsi wamkulu. Ankakonza Chingerezi cha pazikwangwani za chipatala ali m'kati modikira dokotala.

"Ndivomere chimene sindinachite?"

"Si kuvomela, ni ku-manager situation."

"Tandiuzani, a Mvula. Maenvelopu aja mukawatenga Lachitatu, amapita kuti?"

"Straight ku Markham. Same day, sealed. Ine sinitsegula, si nchito yanga. Nipeleka ku data entry, napita." Anamwa khofi wake. "Osazivuta maningi, sisi. Licence yanu tizaipempherera."

Vainess anakumbuka kuti milungu itatu yapitayo anamuimitsa munthu yemweyu m'khonde. Anamuuza kuti manambala a odwala ena akukwera moopsa, ndipo anafunsa ngati alipo amene akuwaona. Webster anamugwira paphewa n'kunena kuti madokotala a kampani amaona chilichonse. Patangotha sabata kunabwera kalata yoti mankhwala akuyenda bwino, odwala achukuche kanayi patsiku m'malo mwa kawiri.

Khofi uja sanamulawe. Anamusiya pawindo n'kulunjika kokwerera sitima.

*

Lachitatu anakwera sitima ya ku Oakville, kumene bambo Daka ndi akazi awo ankakhala m'nyumba ya mwana wawo wamkazi. Mayi Agness Daka anatsegula chitseko mawu ali kale pakamwa.

"Anamwino! Lowani, lowani, nsapato musavule, kuzizira. Mwabwera bwino, chifukwa ine ndatopa kukamba ndekha. Abambo anu sadya. Supu ndisefa kawiri, ndiziziritsa, ndiwapatsa ndi kasupuni ka tiyi, koma misozi chabe. Mankhwala aja akachukucha achita kugwira sinki ndi manja onse awiri. Ine nditi lekani, iwo ati lamulo ndi lamulo. Tipita kwa adokotala, adokotala afunsa how are you, iwo alemba fine, thank you, doctor. Fine! Munthu buluku achita kumanga ndi chingwe cha gauni!"

Bambo Daka anali pampando pafupi ndi windo, atavala jekete ndi tayi ngakhale kolala inali itawakulira. Khungu la pakhosi linali lakuda ngati lopsa ndi moto. Kulankhula kunkawapweteka, choncho ankayankhula ndi kope limene linkakhala pamiyendo pawo. Vainess anagwada pang'ono powapatsa moni, ndipo iwo analemba ndi zilembo zoima bwino za pabolodi: *Mayi awa akokomeza. Khalani pansi, mwana wanga.*

Vainess anawafotokozera zonse. Anawauza za mafomu, za mitanda, za tsiku Lachisanu. Atafika pa nambala 12, bambowo anakweza dzanja kuti abwereze.

"Thwelofu, bambo. Pa funso la kumeza, sabata yatha."

*Mtanda?* analemba.

"Mtanda."

Tsiku loyamba la kafukufuku, bambo Daka anawerenga malangizo onse mpaka pansi, kenako anakana. Panthawiyo mawu anali akadali nawo. Anati iwo moyo wawo wonse mtanda akhala akuika pa yankho lolakwa, ndipo zimene akumva m'thupi mwawo si yankho lolakwa. Anati achonga, monga mphunzitsi amachongera samu yokhoza. Vainess anawalola, namayeza kuchokera pamene kuchongako kwagunda mzere. Sanauze aliyense, chifukwa kunali kuphwanya malangizo, ndipo iye ankaopa kudzudzulidwa.

"Koma bambo," anafunsa, "bwanji osawauza adokotala kuti zikukupwetekani chonchi?"

Cholembera chinayenda nthawi yayitali. *Munthu wamkulu salira pamaso pa mlendo amene akuyesetsa kumuthandiza. Akafunsa moni, umayankha moni. Koma pepala ndi mayeso, ndipo pamayeso sanama. Zonse ndinaziika papepala. Ndinkati alipo amene akuwerenga.*

Vainess anawerenga mawu omalizawo kawiri. Nayenso ankati alipo amene akuwerenga. Milungu isanu ndi umodzi munthu wamkulu akuvomera ululu wake pamalo amodzi okha amene ulemu wake unkamulola, ndipo wina wake ankatenga mawuwo n'kuwataya ngati makoko a nthochi.

"Vuto ndi umboni," anatero. "Mafomu enieni kulibe. Ndi mawu anga okha."

Bambo Daka anayang'ana akazi awo n'kuloza kuchipinda. Mayi Agness anabwerako ndi kope lina lachikuto cholimba, ndi lula yamtengo yakale yodyeka m'mbali.

"Ichi ndiye chimene ndikamba," anatero mayiwo. "Munthu adwala, koma register saleka. Inu mukatembenuka kufuna envelopu, iwo atulutsa lula yawo, apima, alemba. Ndinawaseka ine, ndati muzapatsa ndani report card?"

Masamba anali ojambulidwa mizere ndi dzanja. Tsiku, funso, nambala. Vainess anatsitsa chala pa mzere wa kumeza: 41, 58, 70, 84, 90, 93.

"Ndani anakulowetsani m'kafukufukuyu, bambo?" anafunsa, ngakhale yankho ankalidziwa.

*Webster,* analemba. *Mwana wabwino. Amatitenga pagalimoto Lamlungu lililonse.*

*

Ku Markham munthu wopanda galimoto amaphunzira kupirira. Lachinayi Vainess anakwera sitima yapansi mpaka kumapeto, kenako basi imene inabwera itafuna yokha, ndipo anatsika pakati pa nyumba zagalasi zofanana ngati mazira. Anafika nthawi ya nkhomaliro, monga anapanganira pafoni ndi Mathilda Sakala, mayi wa ku Katete amene ankalowetsa manambala a mafomu m'kompyuta ya kampani. Ankaimba limodzi kwaya ya amayi.

Mathilda anamulowetsa pakhomo la kumbuyo, maso akuponya uku ndi uku.

"Fulumirani, amake Luke. Ine sindinakuoneni, inu simunandione."

"Mafomu a kuchipatala kwathu amakupezani liti?"

"Lachisanu."

"Osati Lachitatu?"

"Lachisanu m'mawa. Ndimadinda tsiku pomwepo, kumbuyo kwa fomu. Zipatala zina zonse zimabwera tsiku lomwelo, koma chanu Lachisanu."

"Maenvelopu amakhala omata?"

Mathilda anapotokola mphete yake. "Sabwera m'maenvelopu. Amabwera m'fayilo, atasanjidwa kale. A Mvula amati akundipeputsira ntchito."

"Ndipo inu simunadabwe?"

"Ndidabwe ndi ndani? Ntchito ino anandipezera ndi iwowo. Amuna anga ndi msuweni wawo. Ine ndimataipa zimene zili papepala, basi." Anatsitsa mawu. "Mwezi wa Januwale abwana anakalipa pamsonkhano. Anati zipatala zina manambala ndi abwino, koma cha a Mvula chikuononga zonse, ndipo ngati akufuna udindo wa manijala aone chochita. Kungoyambira pamenepo Lachinayi lililonse amadya lunch mu ofesi, chitseko chotseka."

"Makina a fotokope ali kuti?"

Anali pakona, moyang'anizana ndi chitseko cholembedwa kuti W. Mvula. Koma Lachinayi limeneli mwini wake anali atapita ku chipatala china ku Hamilton. Vainess anatulutsa fomu yake yosalembapo ija. Kuwala kobiriwira kunadutsa pansi pa chivindikiro, pepala linatuluka, ndipo anaika lula.

Mzere unali 97.

"Mawa mubwere mudzanene zimene mwandiuzazi," anatero.

"Ayi, amake Luke. Ayi ndithu." Misozi inalengeza m'maso mwa Mathilda. "Ndili ndi ana atatu. Lamlungu ndikakhala pati m'tchalitchi? Adzati Mathilda anapereka m'bale wake kwa azungu. Mundikhululukire."

Vainess anafuna kumugwedeza, koma anangopinda pepala lija n'kuliika m'chikwama. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo Webster anali atakhala pamkhate wa aliyense. Uyu anamupezera ntchito, uyo amamutenga pagalimoto, winayo anamuyendetsera maliro a mayi ake. Makina anali atalankhula, koma makinawo ankagwiritsidwa ntchito ndi anthu makumi anayi. Pobwerera m'basi anawerengetsa zimene anali nazo: pepala limodzi, kope la munthu wodwala, ndi mboni yokana kubwera.

*

Chipinda cha komiti chinali ndi tebulo lalitali ndi mipando yambiri kuposa anthu. Kumutu kunakhala dokotala wamkulu, bambo wa imvi wooneka kuti ali ndi kwina kofunika kupita. Cynthia Hallam anali kumanja kwake ndi mafomu aja. Webster anabwera ngati mboni ya kampani, atavala suti yabuluu, ndipo anamwetulira Vainess mwachisoni ngati munthu wobwera kudzapepesa maliro.

Kumwetulirako kunazilala pamene chitseko chinatsegukanso. Bambo Daka analowa atatsamira mkono wa akazi awo, kope lili kukhwapa.

"Odwala saloledwa pamsonkhano uno," anatero dokotala wamkulu.

"Fomu nambala 7 ndi yawo," anayankha Vainess m'Chingerezi. "Ngati tikukamba za pakhosi pawo, ndi bwino akhalepo."

Dokotalayo anayang'ana wotchi, kenako analoza mpando.

Vainess anayala mapepala atatu patebulo n'kuika lula pa lililonse. Fomu yeniyeni, 100. Fotokope ya pachipatala, 101. Fotokope ya ku ofesi ya kampani ku Markham, 97. Kenako anapempha Cynthia kuti ayeze yekha fomu iliyonse imene akufuna pa mulu wabodza uja. Cynthia anayeza mafomu anayi, ndipo anatembenuza imodzi kuti aone chidindo cha kumbuyo.

"A Mvula," anatero Cynthia, "munandiuza kuti mumapereka maenvelopu Lachitatu. Zidindo izi ndi za Lachisanu."

"Kalaliki amachedwa kudinda," anayankha Webster m'Chingerezi chake chosalala. "Za makinawo, aliyense akhoza kulowa mu ofesi mwathu. Mayi Chikopa analowamo dzulo popanda chilolezo, mwaona nokha. Ndani akudziwa kuti analowamo kangati m'mbuyomu?"

Vainess analuma mlomo. Munthu ameneyu Lachiwiri lomweli ankamutcha sisi.

"Ndifunse funso limodzi," anatero. "Maenvelopu amene ndinkakupatsani, munatsegulapo?"

"Ngakhale kamodzi. Ndinalibe chifukwa."

"Fomu ya bambo Daka yolembedwa simunaionepo?"

"Ndangonena kumene."

Apo Vainess anatenga kope lachikuto cholimba lija n'kulipereka kwa dokotala wamkulu. Anafotokoza kuti wodwalayo ankayeza yekha ndi kusunga manambala ake sabata iliyonse. Dokotalayo anavala magalasi. Anayang'ana 93 wa m'kope, anayang'ana 12 wa pafomu, ndipo kwa nthawi yoyamba anaiwala za wotchi yake.

Webster anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu womvera chisoni anzake osadziwa zinthu.

"Ndi ulemu wonse, adokotala, bambo awa ndimawadziwa, ndi kholo langa kutchalitchi. Koma ndi munthu wokalamba, wodwala, ndipo akumwa mankhwala amphamvu. Kope lawo si chikalata cha kafukufuku. Ngakhale malangizo osavuta ankawalephera. Pepala likuti ikani mtanda, iwo n'kumachonga ngati akuchonga mayeso a ana. Munthu wotero manambala ake tingawadalire?"

Cynthia anakokera mulu wa mafomu pafupi, natulutsa onse asanu ndi limodzi a nambala 7, n'kuwayala imodziimodzi ngati makadi. Mitanda yokhayokha.

"A Mvula," anatero, "mafomu onse amene kampani yanu inatipatsa ali ndi mitanda. Mayi Chikopa anandiuza kuti bambowa saika mtanda, koma chimene amaika sanandiuze, ndipo ine sindinachidziwe mpaka pano. Inu kuchongako munakuona kuti?"

Webster anatsegula pakamwa. Anayang'ana Vainess, anayang'ana chitseko.

"Mwina... mwina anandiuza okha kutchalitchi."

"Akuuze ndi pakamwa pati?" Mayi Agness anaimirira, Chingerezi n'kuchisiya pampando. "Mwezi wathunthu munthu sakamba! Iwe Webster, iwe! Unali kutitenga pa motoka, uwaona abambo ako alephera kumeza mgonero wa Ambuye, ufunsa muli bwanji atate, kansi mapepala awo uli nawo m'chola? Unali kuwerenga nainte, iwe n'kulemba thwelofu? Mankhwala n'kuwaonjezera kanayi?"

Sipanafunike womasulira. Dokotala wamkulu anavula magalasi n'kufunsa Webster, ndi mawu otsika kwambiri, kumene kunali mafomu enieni.

Webster anatembenukira kwa bambo Daka, manja atawaphatikiza.

"Atate, please. Tikambe kunyumba, na bakulu ba mpingo. Banali kunifinya ku office, ma numbers yanali chabe... ninali kufuna kuyakonza later. Tisavulane pamaso pa bantu aba. Ndise banthu bamodzi."

Vainess anabwereza mawuwo mumtima. Anthu amodzi! Pamene ankamukonzera dzenje loti agweremo ndi chiphaso chake chomwe, umodziwo unali kuti? Anali ndi mawu okwana kudzaza chipinda chonsecho, koma asanatsegule pakamwa anaona bambo Daka akupisa m'thumba la jekete.

Anatulutsa cholembera chofiira. Anakokera fomu ya 12 ija pafupi. Cynthia anatambasula dzanja kuti ateteze umboni wake, koma dzanjalo linaima m'malere n'kubwerera. Bambo Daka anajambula mzere kuchokera pakona ina mpaka inzake, kenako wina wopingasa, mtanda waukulu wodzaza pepala lonse. Anakankhira pepalalo kwa Webster. Kenako anameza, nkhope itakwinyika ndi ululu, n'kutulutsa mawu okhakhala amene Vainess anali asanawamve kwa mwezi wathunthu.

"Walakwa."

Webster anaweramitsa mutu, ndipo sanaudzutsenso mpaka pamene Cynthia anamuuza kuti akadikire panja, pakubwera anthu ena ofuna kulankhula naye.

Chitseko chitatsekeka, Cynthia anapisa m'chikwama chake natulutsa kiyi wa kabati. Sanamuponye. Anaimirira, anazungulira tebulo lonse, n'kumuika m'dzanja la Vainess.

"Ndinalakwitsa, mayi Chikopa. Kalata yanu ndilemba ndekha."

Vainess sananene kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kanalipo. Anangolandira kiyiyo. Kenako anatenga fomu yeniyeni ija, imene inayenda naye ku Markham ndi kubwerako, n'kuiika patsogolo pa bambo Daka.

"Sabata ino simunalembe, bambo."

Bambowo anasintha cholembera, chofiira n'kubwezera m'thumba. Anawerenga funso la kumeza ngati akuliona koyamba, anatsetsereka ndi chala mpaka pafupi ndi kumapeto kwa mzere, ndipo anachonga. Vainess anaika lula. Envelopu sanaifune n'komwe.

"Nainte-sikisi," anawerenga mokweza, maso ali pa dokotala wamkulu.

Dokotalayo anali ataimirira kale, akufunsa foni ili kuti. Anati mankhwalawo aimitsidwe lero lomwe kwa odwala onse khumi ndi mmodzi, ndipo bambo Daka asachoke asanaonedwe pakhosi. Mayi Agness anakhala pansi n'kuyamba kulira, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

Vainess analemba 96 pambali pa mzere. Pansi pake anasaina V.C., pang'onopang'ono, ndi dzanja lake.